Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zantchito: maola a ntchito akudwalitsa anthu mu Lusaka

Olemekezeka a Nduna ya Zantchito, a Nduna ya Zaumoyo, a Komishonala wa Zantchito, ndi inu nonse olemba anthu ntchito muno mu Lusaka,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu. Ine ndine namwino wopuma pantchito. Kwathu ndi kummawa, koma imvi zandimerera muno m'tauni. Masiku ano ndimayenda ndi kamakina koyezera BP m'chikwama, ndipo ndimayeza aliyense wofuna, kumsika ndi kutchalitchi tikatuluka m'mapemphero. Chandilembetsa kalatayi ndi manambala awiri amene sakugwirizana. Ina ili m'lamulo lathu, inzake ili m'kafukufuku wa mabungwe amene dziko la Zambia ndi membala wake.

Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO analengeza kuti munthu wogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata, chiopsezo chake chodwala sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti, ndipo chomwalira ndi matenda a mtima chimakwera ndi 17 peresenti, pomuyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Anawerengetsa kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu 745,000 padziko lonse anafa chifukwa cha maola ataliatali otere. Tsono lamulo lathu la Employment Code Act la 2019 limati wantchito akapitirira maola 48 pa sabata alipidwe ovataimu, koma likafika pa mlonda limati iyeyo ovataimu yake iyambe akadutsa maola 60. Munthu amene tamuimika pageti kuti ife tigone tamuloleza mwalamulo kudutsa malire amene akatswiri akuti kutsidya kwake kuli sitiroko, ndipo pa maola 12 amene amaposa nawo anzake salandira ngakhale ngwee yowonjezera.

Amene analemba ndimeyi ayenera kuti ankaona ngati mlonda amangokhala pampando kudikira kuti kuche. Ndiloleni, a Nduna, ndifotokoze zimene zimachitika m'thupi la munthu wongokhalayo.

M'thupi muli mitsempha imene imagwira ntchito yake osatifunsa. Ndiyo imayendetsa kugunda kwa mtima, kupuma, kugaya chakudya, thukuta, ndi kutseguka kapena kufinyika kwa njira za magazi. Ili m'magulu awiri: lina ndi lodzutsa thupi pakagwa choopsa, lina ndi lolikhazika pansi choopsacho chikapita. Mlonda akamva khwakhwa kuseri kwa mpanda 2 koloko usiku, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamachenjeza thupi lonse mwini wake asanadziwe n'komwe ngati ndi mphaka kapena mbava. Uthenga umatsika ndi msana mpaka ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti timathira m'magazi timadzi todzutsa thupi totchedwa adrenaline. Pa masekondi owerengeka mtima wayamba kuthamanga, BP yakwera, chiwindi chatulutsa shuga, magazi achoka kumatumbo apita kuminofu ya miyendo ndi manja, m'kamwa mwauma gwa. Pakatha mphindi 20 kapena 30, cortisol, timadzi tina tochokera ku tiziwalo tomweti, naye wafika pachimake. Iyeyu amaonetsetsa kuti shuga asatsike, ndipo amaimitsa kaye ntchito zimene zingathe kudikira, monga kupoletsa mabala, kulimbana ndi tizilombo ndi za kubereka. Palibe cholakwika pamenepa. Zimenezi ndizo zinkapulumutsa makolo athu akakumana ndi njati pothengo.

Koma thupi linapangidwa kuti likatero libwerere pansi. Mtsempha waukulu wotchedwa vagus, umene umachoka kunsi kwa ubongo n'kudzera m'khosi kukafika kumtima, kumapapo ndi kumatumbo, ndiwo umabweza mtima m'malo mwake ndi kuyambitsanso kugaya chakudya. Umagwira bwino munthu akaona kuti ali pabwino, akudya mosathamangitsidwa, akuseka ndi abale ake, makamaka ali m'tulo tofa nato. Munthu wathanzi akagona usiku BP yake imatsika ndi 10 mpaka 20 peresenti, cortisol amakhala wochepetsetsa chapakati pa usiku n'kuyambanso kukwera mbandakucha. Mayi aliyense wa m'komboni amadziwa kuti mbaula amaikupiza pofuna kuphika, nsima ikapsa amaphula makala n'kuwazima kuti mawa agwirenso ntchito. Mukamaisiya ikuyaka usiku wonse, tsiku ndi tsiku, si makala okha amene amatha. Mbaulayo imabooka pansi. Mu 1936 Hans Selye, ku Montreal, anaziona zimenezi pa makoswe amene ankawasautsa mosalekeza ndi kuzizira kapena kuwathamangitsa: tiziwalo ta pamwamba pa impso tinatupa, ziwalo za chitetezo cha m'thupi zinafota, m'mimba munatuluka zilonda.

Chovuta n'chakuti amygdala sasiyanitsa mbava ndi bwana. Uthenga wa pa WhatsApp wobwera 10 koloko usiku woti lipoti likhale lili pathebulo m'mawa, mphekesera yoti kontirakiti sawonjezeranso, foni ya wa kaloba, zonsezi thupi limaziyankha mofanana ndi khwakhwa uja.

Bambo wina wa ku George, mlonda wa kampani ina imene sinditchula, anandipatsa mkono wake Lamlungu lina atangoweruka. Yunifomu anali asanavule, nsapato zili mbuu ndi fumbi chifukwa anabwera wapansi posunga ya basi. Makina anaonetsa 172/104. Ndinamukhazika pamthunzi, tinacheza zina, n'kuyezanso, koma sizinasinthe kwenikweni. Ndinafunsa kuti, "Atate, mumagona maola angati?" Anangoseka. "A sisita, kugona kwake kuti? Ndimalowa 6 koloko madzulo, kutuluka 6 koloko m'mawa, masiku 6 pa sabata. Wondilandira akapanda kubwera ndimapitiriza. Ndikafika kunyumba malata atentha kale, ana ali phokoso pakhomo, kubala atsegula nyimbo. Ndikati nditseke maso ndimangomva ngati wina akugwedeza geti." M'thumba la malaya munali Panado, ndipo anati amamwa tsiku lililonse chifukwa cha litsipa la kumbuyo kwa khosi. Werengani nokha, a Nduna: amenewo ndi maola 72, ndipo palibe ola limene thupi lake limauzidwa kuti choopsa chatha. Usiku amamvetsera mbava, komanso amamvetsera njinga yamoto ya supavaiza, chifukwa akangomupeza akusinza amudula malipiro.

Madandaulo amene ndimamva pamene ndikumanga lamba wa makina pamkono amafanana kwambiri. Mapewa ndi khosi zolimba, mtima kugunda munthu ali chikhalire, chilungulira, kudzimbidwa lero mawa kutsegula m'mimba, chimfine chosachoka, kutopa koma tulo osabwera. Amayi amati msambo wasokonekera. Abambo amayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako amanong'ona kuti za kuchipinda sizikuyenda, ndipo kunyumba ayamba kuwaganizira chibwenzi. Ambiri amamwa zakumwa zopatsa mphamvu kuti asagone pantchito, akaweruka amamwa kachasu kuti agone. Sindikuti zonsezi gwero lake ndi ntchito. Zilonda za m'mimba zambiri zimayamba ndi kachilombo ka H. pylori kapena kumwa kwambiri mapilisi opha ululu monga Brufen, ndipo mchere, fodya ndi mtundu wa kubanja zili ndi mbali yake pa BP. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse muno mu Zambia ali ndi BP yokwera. Koma mchere timaulalikira pawailesi tsiku lililonse, pamene za maola a ntchito tili chete.

Pali bodza lina limene liyenera kutha, loti kupanikizika maganizo ndi matenda a mabwana a mataye a mu Cairo Road. Ku London, kuyambira mu 1967, akatswiri anatsatira umoyo wa amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma, ndipo Michael Marmot ndi anzake anapeza kuti amesenjala ndi olondera pakhomo ankafa ndi matenda a mtima kuwirikiza katatu kuposa akuluakulu a pamwamba. Fodya ndi kunenepa zinangofotokoza mbali chabe ya kusiyanaku. Chimene chinaoneka pa kafukufuku wotsatira kuti chimadya munthu ndi ntchito yambiri yopanda chonena: sasankha nthawi yopuma, sadziwa ndandanda ya sabata yamawa, sangakane, ndipo zimene amalandira sizifanana ndi thukuta lake. Bwana wamkulu akatopa amatseka chitseko n'kuuza sekilitale kuti kulibe. Mtsikana wa pa tilu m'sitolo amachita kupempha chilolezo kuti apite kuchimbudzi. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba amanyamuka ku Mtendere kusanache kupita ku Kabulonga, ndipo nthawi yoweruka ndi pamene abwana abwerera.

Tiyeni tione dalaivala wa minibasi, poti ameneyu tonse timamupatsa moyo wathu. Amadzuka 4 koloko kuti anyamule amayi opita kukaoda ku Soweto. Tsiku lonse ali pamzere ku Kulima Tower kapena wapanikizika mu Lumumba Road, ndipo palibe ndalama imene ndi yake mpaka kashing'i ya mwini basi ndi ya mafuta zitakwana. Ikamakwana 9 koloko usiku wakhala ali maso maola 17. Mu 1997 akatswiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17, manja ndi maso ake zimachedwa mofanana ndi za munthu amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 zimafanana ndi 0.10. Malire athu a pamsewu ndi 0.08. Dalaivala wonunkha mowa timamumanga, ndipo n'zoyenera. Nanga namwino amene wachezera usiku wonse n'kuuzidwa kuti apitirize chifukwa womulandira wadwala, uja tikumupatsa jakisoni kuti abaye mwana?

Ubongo nawo umasintha. Mbali ya kuseri kwa chipumi ndiyo imatithandiza kukonza zochita, kukumbukira zimene tauzidwa posachedwa ndi kudzigwira tikapsa mtima. Ivanka Savic wa ku Karolinska Institute ku Stockholm anajambula ubongo wa anthu amene anatoperatu ndi ntchito, ndipo anapeza kuti mbali imeneyi inali itapyapyala pamene amygdala anali atakula. Ndiye kuti chochenjeza chakula mphamvu, choletsa chafooka. Ndi chifukwa chake munthu amene anali wofatsa amayamba kukalipa pa zazing'ono, kuwerenga mzere umodzi katatu osaumva, kuiwala pamene waika makiyi. Nkhani yabwino ndi yakuti zimabwerera. Mu 2009 akatswiri a ku New York anayeza ophunzira udokotala amene anali pa chipsinjo cha mayeso, n'kupeza kuti mbali ya kuchipumiyi sinkagwira bwino. Patatha mwezi umodzi chipsinjocho chitachoka, anali atabwerera mwakale. Mankhwala ake anali mwezi wopuma basi.

Mu 2019 bungwe la WHO linaika kutoperatu kumeneku, kumene madokotala amati burnout, m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11. Silinakutche matenda a munthu, koma vuto lochokera kuntchito pamene chipsinjo chakhalitsa osachikonza. Zizindikiro zake linatchula zitatu: kutha mphamvu, kuuma mtima ndi kuipidwa nayo ntchito, ndi kulephera kugwira bwino ntchito imene kale munthu ankaitha. Chachiwirichi chimandikhudza, chifukwa ndi chimene anthu amaimbira foni pawailesi kuti anamwino a masiku ano ndi amwano. Mwano ndi mwano, wodwala sayenera kukalipiridwa, ndipo alipo ena amene analowa ntchitoyi popanda mtima wake. Koma ndaona atsikana akubwera kuchokera kusukulu ali ndi chifundo chochita kusefukira, akugwira dzanja agogo powaperekeza kukajambulitsa. Patapita zaka zochepa za wodi yodzaza, namwino mmodzi usiku, magolovesi atha, malipiro atathera ngongole, mtsikana yemweyo amayankha osadzutsa mutu. Mtima wake wadzitsekera kuti usamve kuwawa kwina. Mu Januwale 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala cha kolera, tinawayamikira ogwira ntchito zachipatala, ndipo anayeneradi. Mliri utatha anabwerera ku mawodi awo Lolemba lotsatira ngati palibe chimene chachitika.

Boma linachita bwino mu 2022 polemba ogwira ntchito zaumoyo 11,276 ndi aphunzitsi 30,496. Ndikunena zimenezi chifukwa mankhwala enieni a kutoperatu ndi amenewo: manja owonjezera. Koma maphunziro aulere anadzaza makalasi, ndipo anthu mu Lusaka akuchulukirachulukira. Chaka cha 2024 chinawonjezera mtolo wina, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima mpaka maola 21 pa tsiku. Owotcherera zitsulo a ku Garden ndi ku Kalingalinga ankadzuka pakati pa usiku magetsi akabwera, masana n'kumadikira makasitomala.

Nanga olemba ntchito akuchitapo chiyani? Lamulo lija la Employment Code Act limati kampani ikhale ndi ndondomeko ya umoyo wa antchito, ndipo ambiri amaikwaniritsa ndi tsiku limodzi pa chaka. Amagawa masikipa, kuitana wophunzitsa masewera olimbitsa thupi, kubweretsa mlendo woti alankhule za kuganiza zabwino ndi kupuma mozama, kujambula zithunzi za pa Facebook. Nthawi zambiri tsikulo limakhala Loweruka, tsiku limene munthu akanachapa ndi kugona. Kupuma mozama kumathandizadi, chifukwa potulutsa mpweya pang'onopang'ono vagus amatsitsa kugunda kwa mtima, ndipo ine ndimaphunzitsa anthu zimenezi. Koma simungauze munthu wa maola 72 kuti vuto lake ndi kapumidwe. Pa 1 Meyi timaguba mpaka pa Freedom Statue n'kupereka mphatso kwa wantchito wolimbikira koposa, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi uja sanatengepo livu. Wodandaula amayankhidwa ndi mwambi, kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, kapena amangomulozera kugeti kumene kwaima achinyamata ndi maenvulopu a makalata awo.

Chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene thupi limafuna zili kale m'lamulo. Muli ola limodzi la chakudya ndi mphindi 20 zopumira pa tsiku. Muli maola 24 otsatizana opuma pa masiku 7 alionse, masiku awiri a livu pa mwezi uliwonse wogwira ntchito, ndi tsiku limodzi pa mwezi la amayi limene mayiko ena amatisirira nalo. Papepala tili bwino. Koma munthu wa kontirakiti ya miyezi 6 sapempha livu, chifukwa amadziwa kuti wopempha ndiye woyamba kusiyidwa. Ena amagulitsa masiku awo a livu kuti alipire lendi, ndipo sindingawaweruze.

Choncho pempho langa loyamba, a Nduna ya Zantchito, ndi lakuti ndime ya maola 60 ipite ku Tripartite Consultative Labour Council, kumene mumakhala pamodzi ndi a ZCTU, oimira antchito, ndi a Zambia Federation of Employers, oimira olemba ntchito, kuti mlonda awerengedwe ngati wantchito wina aliyense. Makampani adzati mitengo ikwera. Ikwere, ndipo tiilipire ife amene timagona. Mu 2022 bungwe la ILO linaika malo a ntchito otetezeka ndi athanzi pa mndandanda wa maufulu oyambirira a wantchito, ndipo ufulu umenewo sunganene za zipewa zolimba ndi majombo okha. Pamsonkhano womwewo mukambiranenso za foni. Ku France kuyambira mu 2017 makampani a antchito 50 kapena kuposa amayenera kugwirizana ndi antchito awo za nthawi imene munthu ali ndi ufulu wosayankha mauthenga a kuntchito. Ife sitikusowa nzeru yolemba zathu.

Kwa inu a Nduna ya Zaumoyo, pempho langa silifuna ndalama. Pakiliniki tikapeza BP yokwera timafunsa za mchere, mowa ndi fodya. Tiwonjezere mafunso awiri pakhadi: mumagwira ntchito maola angati, ndipo mumagona maola angati? Pakatha chaka mudzakhala ndi manambala athuathu a ku Kanyama, Matero ndi Chawama, osati a ku London. Chala chikadulidwa ndi makina aliyense amaona kuti ndi ngozi ya pantchito ndipo fomu ya Workers' Compensation imadzazidwa. Mlonda akagwa pageti pakamwa patapotoka, kumudzi amati amulodza, bwana amati ankadya mchere wambiri, ndipo sabata yomweyo yunifomu yake yavalidwa ndi wina. Komanso lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa la atsamunda la 1949, lifike m'makiliniki a m'komboni. Anthu amaopa kunena kuti maganizo awalemera chifukwa anzawo awaseka kuti ayamba ulendo wa ku Chainama, kuchipatala cha odwala misala, pamene chimene akufuna ndi munthu wophunzira woti acheze naye pafupi ndi kwawo, dzina lake osamveka kuofesi.

Kwa anzanga amene mukuwerenga muli pashifiti, ndinene ichi monga namwino: kupweteka pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, nkhope kupotoka mbali imodzi, dzanja kufooka mwadzidzidzi, lilime kulemera, zimenezo musazitche kutopa. Thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuweruka.

Boma ndilo lolemba ntchito lalikulu m'dziko muno, ndipo maofesi ake ambiri amalonderedwa ndi makampani amene limawapatsa ntchitoyi kudzera m'mapangano. Liyambe ndi pakhomo pake: kampani yofuna kulondera nyumba ya boma ionetse ndandanda ya mashifiti ndi mapeyisilipi, osati mtengo wotsika wokha. Ndipo oyendera malo a ntchito a ku unduna wanu asamafike 10 koloko m'mawa, kulandiridwa ndi tiyi muofesi ya bwana n'kuonetsedwa fayilo. Afike 6 koloko m'mawa pamene mashifiti akusinthana, atenge buku la pageti aone amene anasaina dzulo ndi amene wasaina lero, kenako amutengere wantchito pambali, kutali ndi supavaiza, amufunse tsiku limene anapuma komaliza.

Ine wanu,
Namwino wopuma pantchito,
Chilenje, Lusaka